Mkamwini ndi Jombo Zokana Kupinda

Pali chinthu chimodzi chimene sindinachimvetse pa Zilole, ndipo sindikhulupirira kuti alipo amene anachimvetsa. Munthu wosachedwa pa chilichonse, amene anagula njinga yamoto tsiku lomwe anaiona, anatha nyengo yonse yokolola akusankha jombo. Sindinena kuti anali munthu wabwino kapena woipa. Ndingolongosola zimene zinaoneka, makamaka mmene anazionera mlamu wake Yohana, popeza ndiye ankamuyang'anitsitsa kuposa wina aliyense.

Zilole anali mkamwini m'mudzi wina wa kwa Kaphuka. Kwawo kunali mbali ya ku Lobi. Anakwatira Kettie, mlongo wake wa Yohana, ndipo anamupeza ali kale ndi mwana wamkazi, Tamandani. Ntchito yake inali ya kabaza, koma osati wa pa tala. Iye ankakwera njira za m'mapiri zimene galimoto zimakana, kukatenga matumba a mbatatesi kumadimba n'kutsitsira ku msika wa Mayani. Ankanyamulanso odwala, amayi oyembekezera, ngakhale mbuzi zomanga miyendo. M'mawa asananyamuke ankayamba wagwira khasu m'munda wa apongozi ake, aNambewe, monga achitira mkamwini aliyense. Kulankhula kwake kunali kwa mawu awiri atatu, kenako zii.

Yohana ndiye anali mwini mbumba. Sankadana naye mlamu wakeyo. Koma mwamuna woyamba wa Kettie, bambo ake a Tamandani, anayamba ndi kugula chikwama chachikulu cha mateyala, akuti chosungiramo zovala za mwana kuopa makoswe. Mvula isanagwe, chikwamacho chinali ku Joni pamodzi ndi mwini wake. Kuyambira pamenepo Yohana anali ndi muyeso wakewake. Mkamwini wofuna kukhala amagula zinthu zosanyamulika: malata, chitseko, mbande za mitengo. Wofuna kuchoka amagula zoyenda nazo pathupi. Choncho atamva kuti Zilole wayamba kuyesa jombo pa benchi ya a Musa, ogulitsa nsapato za kaunjika ku Mayani, mtima wake unangoti phwii. Kodi Kettie asiyidwenso kachiwiri, iye akuona?

Tsiku la msika lotsatira Yohana anapita ku Mayani, akuti kukagula mchere. Anamupeza Zilole atakhala pa kampando, phazi limodzi lili m'jombo ya mtundu umene Yohana anali asanauonepo. Inali yofika m'bondo, yokhala ndi chikamba cholimba kutsogolo kwa msongolo, yomanga ndi malamba okowera m'mbali. A Musa anati zinatuluka m'belo, n'za anthu akunja othamangitsa njinga m'tchire.

"Alamu, mwalembedwa usilikali osatiuza?" anafunsa Yohana akuseka.

"Ayi. Mwendo."

Zilole anapinda thalauza n'kuonetsa chipsera chachikulu pa katumba, pamene ekizozi inamuwotcha atagwa m'matope, ndi china pa msongolo pamene chitsa chinamugwaza.

"Mlamu wanuyu wandithera malovu, bambo," anadandaula a Musa. "Msika uliwonse ali pano. Avala, avula, apotokola, mpaka kununkhiza. Amayi amasankha chitenje msanga kuposa iyeyu. Mumugulire inuyo, ndipume."

Yohana anatola jombo za mphira, zimene alimi amavala kudimba. "Nanga izi? Mukatsika panjinga mulowa nazo m'munda."

"Zimasungunuka pa ekizozi. Zimamatirira pakhungu."

"Izi zazingwezi?"

"Zingwe zimakodwa mu tcheni."

Zilole anatenga jombo ina, naigwira kuchala ndi kuchidendene, n'kuipinda. Inapindika ngati patapata. Anaibweza pamulu.

"Yalakwanji imeneyo?"

"Yofewa pansi. Phazi limatopa pa chopondera ukayenda utali."

Mawu akuti utali anamukhala Yohana m'khutu ngati udzudzu. "Utali wofika kuti, alamu?"

"Kumene wokwera wanena."

Yohana anapitiriza kumuyang'ana. Zilole ankayesa jombo masana okha, akuti mapazi amakhala atatupa. Ankavala masokosi awiri. Yohana atafunsa kuti kukuzizira n'kuti, iye anayankha kuti konkuno, ndipo popeza unali mwezi wa June, mphepo ya m'phiri ikuboola jekete, panalibe chotsutsa. Kenako anathira madzi a m'botolo pa msoko kuti aone ngati alowa. Yohana anaganizira timitsinje tonse tapakati pa mudzi wawo ndi Mayani, toti mwana amangolumpha. Mitsinje yofunika jombo yotere inali kwina. Pomaliza Zilole anakwera njinga ili chiimire, nalowetsa chala pansi pa giya. Jombo inakanika kulowa chifukwa cha kukhuthala. Anavula, nathokoza a Musa, n'kuchoka osagula kanthu.

"Mwaonatu?" anatero a Musa. "Munthu ameneyu akamwalira adzabweza bokosi."

Yohana anabwerera kumudzi opanda mchere.

Zilole anagula jombo zake anthu atamaliza kukolola. Zinali zakuda ndi zofiira, zazitali, zolimba pa akakolo moti phazi silinkapotoka. Anafika nazo kumudzi dzuwa litapendeka, napeza aNambewe ali pabwalo ndi amayi ena akutonola chimanga. Kwathu kuno mkamwini saimirira pamaso pa apongozi ake. Amaima patali, n'kunjuta, n'kuwomba m'manja pang'ono, kenako moni. Zilole anali asanalakwitsepo zimenezi. Anatsika panjinga, nayenda modzikoka ngati womangidwa pulasitala, nafika pamalo pake pa masiku onse. Anayesa kunjuta. Jombo zinakana. Anayesanso, nadzandira, natsala pang'ono kugwa chagada. Ndiye anangoimirira, wamtali ngati mlongoti, nawomba m'manja.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

Zitsononkho zinaleka kugwa. ANambewe anayankha atayang'ana kumbali. Mayi wina anang'ung'udza, koma mokweza ndithu kuti onse amve, "Paja amati mkamwini asamakule mwendo."

Pofika m'mawa mwake nkhani inali itazungulira mudzi. Ena ankati wayamba mwano chifukwa cha njinga. Ena ankati m'jombomo muli zithumwa, n'chifukwa chake sizipinda. Yohana sankakhulupirira za zithumwazo. Kwa iye nkhani inali yapafupi: munthu wagula nsapato zoti sangalime nazo, sanganjute nazo, sangayende nazo kukafika ngakhale pachitsime. Ntchito yake n'kukhala panjinga basi. Nsapato zotere n'za munthu amene maganizo ake ali pamsewu.

Anamupeza Kettie akupeta kuseri kwa nkhokwe, namuuza zimenezi.

"Achimwene, bala lija ndinkatsuka ndine," anatero Kettie. "Mafinya aja munawaona inu? Ndine ndinawauza kuti agule zoteteza miyendo. Mukufuna adzaduke mwendo kuti akhale pakhomo?"

"Chikwama chija sunkanenanso kuti unawauza ndiwe?"

Kettie anasiya kupeta. Yohana anaona kuti mawuwo alowa, ndipo anadziuza kuti kuli bwino alowe tsopano kusiyana ndi kudzalira pambuyo. Madzulo ake Kettie anafunsa mwamuna wake ngati ali ndi ulendo. Zilole anati ulendo amakhala nawo tsiku lililonse. Mwina ankangonena zoona. Koma Kettie anakafotokoza yankholo kwa mchimwene wake, ndipo linamveka mwina.

Yohana anaitanitsa ankhoswe. Wa kuchimuna, a Kenan, anabwera kuchokera ku Lobi atavala jekete ya kutchalitchi. Anakambirana pansi pa mtengo wa mango. Za ulendo palibe anazitchula, popeza panalibe umboni. Mlandu unali wa moni woimirira. Anagwirizana kuti jombozo zisamalowe m'mudzi. Zilole azizivula pa kagolosale ka mayi Kristina, pamphambano, n'kulowa ndi patapata.

"Mwamva, a Zilole?" anafunsa a Kenan.

"Chabwino."

Kuvomera kwachanguko kunamusowetsanso mtendere Yohana. Munthu amene anavutika nyengo yonse kusankha chinthu, angachisiye bwanji kwa eni osatsutsa ngakhale liwu limodzi? Wosasamala za chigamulo ndi amene akudziwa kuti sakhalitsa.

Zilole anasunga panganolo. M'mawa uliwonse akachoka kumunda ankakwera njinga ndi patapata mpaka pamphambano. Mayi Kristina ankatulutsa jombo pansi pa kauntala, iye n'kukhala pakhonde kumanga malamba limodzilimodzi, kuyambira lapansi. Madzulo ankazipukuta ndi kansanza, n'kuzibweza. Anthu odutsa anayamba kunena kuti jombo za Zilole zimagona kunja kwa mudzi ngati katundu wodikira basi. Anaiwala kuti anazitulutsa ndi iwo omwe.

Yohana anamuyesa m'njira zina. Anamubweretsera mbande za mapeyala kuti abzale kuseri kwa nyumba. Zilole anakumba maenje, nathira manyowa, nazitchingira ndi minga kuopa mbuzi, n'kumathirira. Yohana anayang'ana mitengoyo n'kuganiza kuti ngakhale wakuba amapereka moni. Anayamba kufunsa anthu amene akwera njingayo kuti anawasiya pati, anabwerera njira iti, pafoni ankalankhula ndi yani. Anafunsa mayi Kristina ngati m'jombomo mumakhala kanthu. Iwo anati mumakhala fungo la mapazi basi, ndipo akafuna abwere adzanunkhize okha.

Zonsezi zinamufika Zilole. Okwera kabaza salephera kulankhula ali kumbuyo. Tsiku lina anakumana ndi Yohana panjira ya kudimba, nazimitsa injini. Akuti mawu amene ananena pamenepo ndiwo ochuluka koposa amene anamvekapo pakamwa pake.

"Alamu, ine ndili pompano. Mukufunsiranji anthu a m'njira? Mundifunse ine."

Yohana anafunsa, "Mukuchoka?"

"Mukufuna ndichoke liti?"

"Ine ndangofunsa."

"Inenso."

Anayang'anizana. Yohana ankadikira kuti mlamu wake alumbire, atchule Kettie, atchule mwana, akwiye ngakhale pang'ono. Zilole anangoliza injini n'kutsetsereka.

Kuyambira pamenepo anayamba kulawirira kwambiri kumunda. Pamene anzake ankayamba kumene kusosa, iye anali atamaliza mizere m'munda wonse wa aNambewe, ndi wa Kettie womwe. Anafolera khitchini imene inkadontha. ANambewe anayamba kumuyamikira kwa anzawo. Yohana yekha ndiye ankaona ngati munthuyo akusesa pakhomo asanatseke chitseko. Anaganiza zopita kukalankhula naye bwinobwino, koma anati adikire kaye aone.

Linali tsiku la msika, kutentha kwa October kutayamba, mitambo ikusonkhana pamwamba pa phiri koma osagwetsa kanthu. Zilole anamwa tiyi, nauza Kettie kuti akupita. Sanatenge chikwama, bulangete, ngakhale malaya osinthira. Mayi Kristina anati anamanga malamba ake monga mwa masiku onse, ndipo patapata anaziika m'thumba la jekete m'malo mozisiya pansi pa kauntala. A Musa anamuona akudutsa ku Mayani wopanda thumba la mbatatesi, wopanda wokwera. Anamukuwira kuti jombo zikuyenda bwanji, iye anangokweza dzanja.

Foni yake sinalowenso. A Kenan anatumiza mawu akuti ku Lobi sanafikeko. Kettie atamva zimenezo analowa m'nyumba, ndipo mchimwene wake atagogoda sanatsegule.

Yohana anakwera kabaza wina mpaka pamene msewu wafumbi umakumana ndi wa tala. Anafunsa amayi ogulitsa tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu ngati anaona munthu wa njinga wovala jombo zakuda ndi zofiira zofika m'mawondo. Onse anamukumbukira. Anati anaima pamphambanopo kanthawi ndithu, phazi limodzi pansi, injini ikulira, ngakhale kuti msewu unali wopanda galimoto. Mayi wina analoza njira ya ku Lilongwe. Mnzake anati bodza, anakhotera ya ku Dedza, kumene malire a Mozambique ali pafupi. Anayamba kukangana, aliyense dzanja lili kwake, mpaka minibasi inaima ndipo onse anathamangira mawindo ndi mabeseni awo.