Gulu la atatu la ba Keziah

Akulu anga ba Keziah ndi m'busa wa pachipatala china chakufupi ndi Woodlands, ndipo agwirapo zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Timakhala limodzi ku Kabwata, choncho ndine ndimaona mmene amatsikira minibasi madzulo, akukoka miyendo. Ntchito yawo si kulalikira ayi. Amakhala pambali pa bedi n'kumamvetsera zimene wodwala sangauze dokotala kapena mkazi wake.

Tsiku lina anati akufuna kukhala supavaiza, ndiye kuti wophunzitsa abusa ena ntchito yomvetserayi. Ine ndinkayesa ndi za chaka chimodzi. Zatha zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo kunena zoona ndatopa nazo kuposa eni ake.

Maphunziro ake ndi odabwitsa. Wophunzira akacheza ndi wodwala amakalemba mawu onse, zimene ananena wodwalayo ndi zimene anayankha iye, kenaka n'kuwerenga pamaso pa anzake. Supavaiza amamusonyeza pamene makutu ake anatsekeka. Ba Keziah amajambula zonsezi pa vidiyo n'kupereka ku komiti yopereka chilolezo, imene imakumana kamodzi pachaka ku Kabulonga. Kawiri konse komitiyo inawabweza. Akuti ndi achifundo mopitirira, wophunzira akalakwa amamusisita m'malo momuuza. Chaka chino chinali chomaliza, chifukwa mu Malichi apuma pantchito. Lamulo la komitiyo n'lakuti gulu la ophunzira likhale la anthu osachepera atatu kwa miyezi isanu ndi umodzi yathunthu.

Anapeza atatu ndendende. Panali Anita ndi Given, abusa achinyamata, ndiponso ba Dunstan a ku Chelstone, nkhalamba imene inatibatiza tonse awiri ndi kuika maliro a bambo athu. Nditamva dzinali ndinangogwira pakamwa.

Kutatsala milungu iwiri kuti atseke, ba Dunstan anapereka pepala la ulendo wawo kwa ba Ayub, telala wachisilamu wa ku Chunga amene khansa inali itamumaliza. Ba Ayub anawauza kuti saopa imfa. Chimene ankaopa n'chakuti ana awo analowa chikhristu, ndiye padzasowa wosambitsa mtembo wawo monga mwa chipembedzo chawo. Ba Dunstan anayankha ndi vesi n'kuwapempha kuti alandire Yesu. Wodwalayo anatembenukira kukhoma. Abusa analemba zonsezi okha, osabisa, akuona ngati agwira ntchito yotamandika.

Ba Keziah anandifotokozera m'mawa wa tsiku lokambirana pepalalo, tiyi akuzizira. Ine ndinawauza mosapita m'mbali kuti atseke pakamwa. Milungu iwiri n'chiyani? Nkhalamba siiwongoka, ndipo ikanyanyala gulu latha. Anandiyankha kuti akakhalanso chete komiti idzaona zomwe zija, ndipo ngakhale komiti itapanda kuona, abusawo akachita zomwezo pa bedi lina mawa lake.

Vidiyoyo ndinaionera pambuyo pake. Akulu anga ndiwo anayamba kulankhula.

"Ba Pasita, uja munthu anakupatsani mantha yake, imwe munamupatsa ulaliki. Simunamumvele."

Ba Dunstan anavula magalasi pang'onopang'ono.

"Keziah, ndine ninakubatiza iwe."

"Niziba, ba Pasita. Koma simunamumvele."

Ba Dunstan anatenga Baibulo lawo n'kutuluka, osamenyetsa ngakhale chitseko. Ba Keziah anapita ku Chelstone katatu. Ulendo uliwonse amayi abusa ankawalandira pageti n'kunena kuti bambo akupuma.

Kalata ya komiti inabwera Lachisanu lapitali. Inati zimene anaona mu vidiyo ndi zimene akhala akudikira zaka zonsezi, ndipo anawayamikira kwambiri. Ndime yachiwiri inati gulu la anthu awiri silingawerengedwe, choncho asonkhanitse lina n'kuyambanso mu Januwale. Kuchokera Januwale kufika Malichi ndi miyezi itatu basi, ndipo akomitiwo kuwerenga amadziwa.

Ine ndinakwiya koopsa. Ndinatukwana komiti, ndinatukwana ba Dunstan, ndinakumbutsanso akulu anga kuti ndinanena ine, mawu amene ndikuchita nawo manyazi lero. Iwo anangokhala pampando nsapato zili kuphazi, kalata ili pamiyendo. Ndinawamvera chisoni kwambiri moti ndinasiya kulongolola n'kuwafunsa ngati akudandaula kuti analankhula.

"Nalema chabe, Betty," anatero. "Zanga zasila, nazimvela. Manje Anita na Given, nabo miyezi yao yonse yapita m'madzi, sibazapatsiwa satifiketi. Sibaziba. Babwela Mande na mapepala yao."

Anandipempha kuti ndiwasitire bulauzi ya Lolemba.