Lamulo Lopepesa Misomali

Amake mapasa anathawa kwa mwamuna wawo ali ndi jumbo ya zovala, ana awiri ndi dzino lothyoka. Azakhali awo anawapezera ntchito yosesa utuchi kwa kalipentala wina wokalamba, amene anthu ankamutcha Achidazi. Ntchitoyo ikanalephereka, njira inali imodzi: kubwerera kumene anathawako.

Tsiku loyamba lomwelo, mmisiri wina anakweza hamala pafupi nawo. Mayiwo anataya tsache, nkubisala pansi pa tebulo atagwira mutu.

Achidazi sanawafunse kalikonse. Anangokanda dazi lawo nkunena kuti, "Kuyambira lero, palibe kukhoma msomali usanaupepese. Mokweza!"

"Bwana, mwayamba liti kumwa masana?" anafunsa mmisiri uja.

"Iwe pepesa. Misomali yatipirira zaka zambiri."

Ndiye tangoganizani! Madoda andevu zawo, aliyense asanakhome, ankakuwa kuti, "Pepa msomali, ndikubwera!" Makasitomala ena ankabwerera pachipata, poganiza kuti alowa kwa amisala. Koma amake mapasa ankamva mawuwo nkudziwa kuti phokoso likubwera, ndipo silikudzera iwo. Sabata yachitatu anaseka mpaka kuiwala kubisa dzino lija.

Kenako Achidazi anawapatsa hamala. "Tsache lakukwanani, achemwali. Tayesani iyi."

Msomali woyamba unapindika. Wachiwiri unauluka nkukagwera mu tiyi wa bwana. Wachitatu unalowa bwinobwino, chala chokha ndiye chinalipira. Chaka chisanathe, zitseko zawo zinali zosalala moti makasitomala ankati, "Chathu atipangire mayi aja."

Mmawa wina mwamuna uja anatulukira, atavala jekete ndi nkhope ya kutchalitchi.

"Tiye kunyumba. Ndakukhululukira."

Mtima wa mayiwo unagunda ngati injini ya chigayo. Amisiri anasiya ntchito nkuima kumbuyo kwawo, koma palibe anawayankhulira. Mayiwo anapukuta manja pa epuloni.

"Bambo, mwabwera kudzagula chiyani? Zitseko zilipo, mipando ilipo. Ine sindili pa malonda. Ndipo kalata ya kukhoti yokuletsani kundiyandikira ili m'thumbamu. Ndikuwerengereni?"

Bambowo anaona madoda asanu, naona mayi amene sanawerame. Anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi pena popita.

"Osagulako ngakhale kampando, akulu?" anakuwa Achidazi. "Ulendo wopita osabweransowu ngwautali!"

Lero amake mapasa ali ndi shedi yawoyawo, ndipo akuphunzitsa amayi anayi amene anafika akunjenjemera.

Inu amene muli pafupi ndi munthu wovulazidwa, musati, "Ine sindinaphunzire za uphungu." Achidazi sukulu anaisiyira pakhomo. Musamufunse mafunso ngati wapolisi. Mupatseni malo, mupatseni nthawi, muime naye. Ndipo inu amene mukunjenjemerabe lero, mtima musautaye m'bale wanga. Manja akunjenjemerawo adzagwira ntchito, ndipo anthu adzaima pamzere.