Buku Lachiwiri la Anselmo

Hortência anamuona koyamba Anselmo pamsika wa ku Lichinga, akukhoma chigamba pa ndowa yobooka uku akusimbira anthu za afiti oyenda chadodolido. Mawa lake anabweranso, atanyamula ndowa yosabooka n'komwe.

Anakwatirana, nabereka Rosita. Nkhondo itafika anathawira ku Malawi, ndipo m'njira, mfuti zikulira, mwanayo, atavala kadiresi kachikasu, anapulumuka m'dzanja la mayi ake. Sanaonekenso. Atabwerera kwawo ku Namacula, abale anati aike thunthu la nthochi m'manda m'malo mwa mtembo, monga mwa mwambo, kuti maliro athe. Hortência anakana kwamtuwagalu. Woikidwa m'manda sabwera.

Anselmo anapitiriza kukhoma zidebe, ndipo ntchito ikachepa ankalemba buku. Linali la akuluakulu, lamagazi: mayi wina wamatsenga akutsika kunsi kwa mapiri kukalanda mwana wake kwa anthu opanda zithunzithunzi, amene ankadya maina a ana. Analichulukitsa pa fotokopiya, ndipo linayenda m'manja mwa aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'boma mpaka kuthetheka. Linathera pakhomo la phanga, mwana asanapezeke.

"Nanga lachiwiri, mestre?" anthu ankamufunsa. "Kapena afiti anuwo akudyerani cholembera?"

Iye ankangomenya chitsulo. Mathero ankawadziwa: mayiyo apeza mafupa osazindikirika, abwerera kwawo, aika nthochi. Ankadziwanso amene adzayambe kuliwerenga: Hortência.

Ukalamba utamulanda maso, anayamba kunena pakamwa buku lachiwirilo, Hortência akulemba. Mayi wamatsenga uja anawoloka mitsinje ya phulusa, nasinthanitsa lilime lake ndi muuni. Pofika m'phanga, Anselmo sanabweze mawu: mafupa, thunthu, dothi. Anamva cholembera chikuyenda.

M'mawa wina wa mwezi wa Juni, chisanu chikuluma, anakhala padzuwa nati, "Mayi a Rosita, tandiwerengereni tsamba lomaliza."

Hortência anawerenga mosadodoma. Mwana anatuluka m'phanga wamoyo, akutchula yekha dzina lake.

Anselmo anatembenukira kwa mkazi wake.

"Si zimene ndinanena izi."

"Ndikudziwa, bambo."

Mphepo inagwedeza zidebe zakale zopachikidwa pakhonde.

"Wavala chiyani?"

"Kadiresi kachikasu kaja."

Nkhalambayo inapapasa bulangete la pamaondo pake.

"Kuno kumazizira," inatero. "Lembani kuti amufunditsa."