Matabwa a bokosi la a Yosefe

Achimwene anga a Yosefe amakhoma mabokosi a maliro pa Nkando, kuseri kwa msika, pafupi ndi pomwe maminibasi amatembenukira. Ndi munthu wamfupi, wa mawu ochepa, ndipo pensulo sichoka pakhutu pawo ngakhale m'tchalitchi. Ali mnyamata ankacheka matabwa pamwamba pa Chambe n'kumatsika nawo pamutu mpaka pa Likhubula, ndiye khosi lawo linalowa m'mapewa ndipo silinatulukenso. Ine Estele, mlongo wawo, ndimagulitsa nanazi pafupi ndi shedi yawo, choncho ndimaona zonse, ngakhale zimene iwo safuna kuti ndione.

Kudzitama kwawo kunali kumodzi. Akamaliza bokosi ankalisisita ndi chikhatho n'kunena kuti, “Ntchito yanga sinabwererepo.” Ine ndinkawayankha kuti ibwerera bwanji, poti mwini wake sangadzuke kudzadandaula? Iwo ankangomwetulira n'kupitiriza kupala.

Chimene amaopa ndi madzi. Kale ankangowanyansidwa, koma chaka cha namondwe wa Freddy chinawamaliza. Anakhoma mabokosi mpaka manja kutupa, ndipo anaona ndi maso awo zimene madzi amachita ndi thupi la munthu. Kuyambira pamenepo akafika pa mlatho wa Thuchila amatsika panjinga n'kuyenda pakati penipeni pa msewu, maso ali kutsogolo, magalimoto akuwaimbira mahutala.

Ndiye tsiku lina lole inatsitsa boti pakhomo pa shedi yawo. Amene anabwera nalo ndi Moffat, mkamwini wanga, mwamuna wa mwana wanga Tamanda. Moffat anakulira m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ndipo chikhalireni pamudzi pathu khasu silinamuyanje. Boti limeneli analigula kwa munthu wina amene ankawolotsera anthu pa Ruo, lakale, lotuwa, lothothoka m'mbali. Cholinga chake chinali choti likonzedwe, aliikire mlongoti ndi thanga, kenaka alikweze lole kupita nalo ku Chilwa. Kumeneko awoloke mpaka tsidya la ku Mozambiki komwe kuli mayi ake, akakhale nyengo yonse ya nsomba, adzabwerere ndi matemba. Zonsezo ine sizinandikhudze mpaka Tamanda atandiuza kuti nayenso akupita.

Tamanda sadziwa kusambira. Kwathu palibe amene amadziwa, ife ndi anthu a phiri. Ndinamukalipira, ndinamunyengerera, ndinalira, koma mwanayu anatengera ine kuuma mutu. Moffat sindikanatha kumunena pamaso, chifukwa mpongozi sayang'anizana ndi mkamwini n'kumamutukwana, ngakhale mawu ake atafika pakhosi. Choncho ndinapita kwa achimwene, eni mbumba, kuti iwo aletse ulendowo.

Analizungulira boti lija, anatenga tchizulo n'kubaya thabwa la pansi, ndipo tchizulo inalowa ngati m'mbatata yophika. Anabayanso pena, chimodzimodzi.

“Achemwali,” anatero, “ndikawaletsa adzapita mobisa, ndipo adzapita ndi boti lowolali. Bola ndilikonze ndine.”

“Inu? Munthu woopa ngakhale chithaphwi?”

“Ndiye chifukwa chake.”

Analigadabuza pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kuzula matabwa owola limodzilimodzi, mpaka boti linatsala nthiti zokhazokha mbali imodzi. Anthu odutsa sanalephere kuponya nthabwala. Wina anafunsa kuti bokosi lalikulu chonchi ndi la ndani, kodi kwafa chimphona? Anthu anaseka, ine sindinaseke. Ndinangotola nanazi zanga n'kusamukira tsidya lina la msewu tsiku limenelo.

Mkangano woyamba unali wa mpata. Achimwene akamalumikiza matabwa salola ngakhale tsitsi kudutsa pakati, umo ndi momwe akhala akukhomera moyo wawo wonse. Atakhoma matabwa awiri oyamba, Moffat anagwada pambali pawo, chipewa chili m'manja.

“Amalume, pepani, pamafunika kusiya kampata pakati pa matabwa.”

“Mpata? Pa chinthu cholowa m'madzi?”

“Eya. Timatsekamo thonje ndi phula. Thabwa likamwa madzi limatupa. Mukalipanikiza likadali louma, likatupa limazula misomali, boti n'kuphulika muli pakati pa nyanja.”

Achimwene anazula matabwa aja n'kuyambiranso, akusiya dala ming'alu pansi pa boti lomwe mphwa wawo adzakhalemo. Madzulo ake anandiuza kuti chiyambireni kugwira nyundo sanachitepo chinthu chowaopsa chotero.

Koma choopsa chenicheni ndinachimva ndi mphuno. M'mawa wina ndikuyala nanazi, mphepo inabweretsa fungo lokoma, lolasa, fungo la mkungudza. Mtengo umenewu masiku ano suoneka, ndipo pa Nkando ponse ndinkadziwa malo amodzi okha pomwe unali. Achimwene anasunga matabwa a mkungudza kudenga kwa shedi kuyambira masiku awo a ku Chambe. Anali a bokosi lawo. Ine ndinalipo tsiku lomwe anagona chagada pa limodzi la matabwawo n'kuuza malemu alamu anga, akazi awo, kuti alembe mzere ndi pensulo pamwamba pa mutu wawo.

Ndinalowa m'shedi, ndinayang'ana kudenga. Kunali mbee.

Sindikudziwa momwe ndinafikira pansi pa mango paja. “Achimwene, mwapenga? Mukufuna kumuika mwana wanga m'bokosi lanu akadali moyo?”

“Paini amawola m'madzi. Bulugamu amang'aluka. Uwu suwola.”

“Matabwa awa anayezeredwa kale munthu! Akudikira maliro!”

“Ndikudziwa,” anatero, osandiyang'ana. “Mukuganiza kuti ine ndikugona tulo?”

Ife timapemphera, ndipo abusa atamva akanatiseka. Koma thabwa lomwe lalembedwa mzere wa mutu wa munthu ndi thabwa la munthu ameneyo, palibe wa kwathu amene angakhalepo n'kumadya chinangwa mtima uli m'malo. Ndinawapempha kuti mwina angoupala mzerewo. Anakana. Anati kupala pensulo sikupusitsa aliyense, ndipo mzere uja unatsala ukuoneka mkati mwa boti, pansi pa pokhalira.

Ntchito inapitirira. Moffat ankatseka thonje m'ming'alu, Tamanda akusungunula phula m'chitini, achimwene akukhoma. Mlongoti anasema wa bulugamu wowongoka, ndipo thanga Tamanda anasoka la masaka a feteleza, moti likatambasuka munthu ankatha kuwerenga zolembedwa pamasakapo. Ine sindinagwireko ngakhale msomali umodzi. Ndinkaona ngati ndikathandiza ndiye kuti ndavomera.

Litatha, Moffat ananena kuti boti liyenera kukamwa madzi lisanakwere lole. Anyamata a pamsika analinyamula pangolo mpaka pa dziwe lina lalikulu la mu Thuchila, ife tikutsatira pambuyo ngati anamfedwa. Atangolikankhira m'madzi, madzi anayamba kulowa m'ming'alu yonse. Moffat sanadabwe. Anaikamo miyala, anamangirira chingwe ku mtengo, ndipo boti linayamba kutsika pang'onopang'ono mpaka linabisika.

Achimwene anavula chipewa. Sanadziwe kuti avula. Zaka zonsezi ntchito yawo ikamatsika ndi chingwe amavula chipewa, ndiye dzanja linangochita lokha. Nditaona zimenezo ndinakhala pansi pamchenga. Tamanda anabwera kudzandigwira phewa akuti, “Amayi, n'chimene amachita maboti onse,” koma mawu ake nayenso anali atachepa.

Patapita masiku tinabwerera. Analivuula, anakapa madzi onse, analikankhiranso padziwe. Ulendo uno linayandama, ndipo mkati munangokhala chinyezi. Moffat anatenga nsungwi yake yaitali yokankhira kuti akaliyese, Tamanda naye anakweza chitenje kuti akwere.

“Iyayi,” anatero achimwene. “Tsika.”

Anavula nsapato, anaziika bwinobwino pamwala, pensulo anandipatsa ine. Nkhope yawo inali itatuwa ngati phulusa.

“Matabwa awa amadziwa mwini wake. Ngati akufuna munthu, atenge ine, pompano, inu mukuona. Moffat, ndikankhe. Usakwere.”

Moffat anayang'ana Tamanda, Tamanda anayang'ana ine. Ndinkafuna kuwaletsa, ndiponso sindinkafuna, ndipo ndikunena mosabisa kuti pakati pa mlongo wanga ndi mwana wanga mtima unali utasankha kale. Moffat anagwira chingwe n'kukankha boti.

Achimwene sanakhale pa pokhalira. Anagona chagada pansi pa boti, mutu pa mzere uja, manja pachifuwa. Kuchokera pamtunda sitinkawaona n'komwe. Tinkangoona boti lopanda munthu likuyenda lokha kupita pakati pa dziwe, pomwe madzi ndi akuda, mpaka chingwe chinakungika. Linazungulira pang'ono n'kuima. Amayi ena omwe ankachapa kumunsi anasiya kuchapa.

Tinadikira mpaka ndinalephera kupirira. Ndinaiwala mwambo, ndinamuyang'ana mkamwini wanga m'maso koyamba chimukwatirireni mwana wanga, n'kumuuza kuti akoke chingwecho. Anakoka. Boti litagunda mchenga, achimwene anali chigonere, maso atatsinzina, milomo ikuyenda. Anadzuka movutikira, anadzigwira kumsana, anayang'ana dzanja.

“Kouma,” anatero. “Matabwa andikana. Ndiye iwe sakudziwa n'komwe, Tamanda. Pita.”

Atatsika anayenda pang'ono n'kukasanza kuseri kwa bango. Sitinawaseke, ndipo mpaka lero pa Nkando palibe amene anayesapo kuwaseka pa nkhani imeneyi.

Lole inabwera Loweruka m'mawa. Tamanda anakhala pamwamba pa katundu, dzanja lili pa boti, akutibayibitsa mpaka fumbi linamubisa. Anatiuza kuti pamadzi foni siigwira, tisadandaule. Kunena n'kosavuta. Mawa lake mphepo ya mwera inayamba, yozizira, yosaleka, ikukupiza malata a msika. Ndinkagulitsa nanazi osadziwa kuti ndapatsa ndani. Mkati mwa masiku omwewo kunabwera anthu ofuna bokosi la mayi wachitsikana wa mudzi wina, ndipo ndinaona achimwene akuyeza thabwa limodzi mobwerezabwereza, nambala ikuwathawa. Bokosilo analikhoma atafulatira msewu.

Foni inalira masana ena ndikusenda nanazi. Inali nambala yachilendo, ya tsidya lija. Nditamva mawu a Tamanda mpeni unagwa. Anati anawoloka, mphepo inawatsekereza m'mabango masiku angapo, koma ali bwino. Ndinathamanga nayo foni kushedi. Achimwene sanafunse za moyo, sanafunse za apongozi a Tamanda.

“Likuchucha?”

“Pang'ono chabe, amalume. Timangokapa ndi kachigubu.”

“Pati?”

“Kutsogolo, osati pa matabwa anu.”

Anapuma mpweya wautali. Kenaka ananena mawu omwe sindinawamvepo pakamwa pawo chiyambireni ntchito yawo. “Limenelo mubwere nalo. Mwamva? Ndikufuna ntchito imeneyi ibwerere.”

Nyengo ya nsomba sinathe, ndipo nyanja yomwe anawoloka popita ndi yomweyo adzawoloke pobwera. Kudenga kwa shedi kukadali mbee. Ndinawafunsa kuti nanga inu tidzakuikani m'chiyani, anati paini ndi wokwana, iwo sadzawoloka nyanja. Akumaliza mabokosi monga kale, koma salisisitanso bokosi n'kudzitama. Mphepo ikangotembenuka n'kuyamba kuchokera kumwera, nyundo imasiya kulira m'shedi muja, ndipo ine ndimadziwa kuti atuluka panja, aima pansi pa mango, akuyang'ana masamba.