Masamba Omaliza a Buku Lathu la Chingerezi

Chaka chimene ndinalowa giredi teni, zinthu zinali zitathina mu Lusaka. Mkuwa unali utagwa mtengo, ndipo ife a m'komboni ya Chawama tinkakhalira kuima pamizere: lero wa ufa, mawa wa sopo kapena mafuta ophikira. Kusukulu nako mabuku anasowa. Aphunzitsi athu a Chingerezi, mayi wamtali wokonda kuseka wa ku Kopala, dera la migodi ya mkuwa, anali ndi buku limodzi lokha la nkhani yoti kalasi yonse idzalembere mayeso.

Lachisanu lina anabwera ndi lezala. Ife tili maso, anadula ulusi wa bukulo n'kuligawa m'zigawo, chilichonse atachisokerera pa katoni.

"Gulu lililonse chigawo chake," anatero. "Lolemba musinthana. Wodonthezera supu papepala adzandidziwa."

Gulu lathu linalandira chigawo chomaliza, ndipo ine ndinali woyamba kupita nacho kunyumba. Ndinathamanga njira yonse, ndikudumpha zithaphwi, nditachipanira m'kati mwa juzi. Mathero a nkhani, amene kalasi yonse inali isanawaone, anali kwa ine! Vuto linali lakuti anthu a m'nkhanimo sindinkawadziwa. Chiyambi chinali ndi mnzanga wokhala naye benchi imodzi.

Loweruka tinakumana pamzere wa ufa, aliyense ndi chigawo chake. Mzerewo sunkasuntha, choncho mnzangayo anayamba kundiwerengera. Inali nkhani ya mtsikana wosoka zovala m'tauni ya padoko, ndi mnyamata wa pasitima yapamadzi amene anamulonjeza kuti adzabwerera.

"Imwe bana, kambani mu Chinyanja timveleko naise," anatero mayi wina wogulitsa vitumbuwa pamsika, amene anaima kumbuyo kwathu.

Tinayamba kumasulira. Mnzanga ankawerenga chiganizo, ine n'kuchitembenuza. Mzere unapindika, azimayi n'kutizungulira ndi matumba awo opanda kanthu. Pakati pa nkhani panalibe, poti zigawozo zinali kwa anzathu ena, ndiye tinalumpha mpaka kumathero anga. Mnyamata uja anabwereradi. Kenako ndinakumana ndi liwu limene ndinali ndisanalionepo: betrothed. Dikishonale inalipo imodzi sukulu yonse, yotsekeredwa mu ofesi. Koma ndinkadziwa liwu lina lofanana nalo, betrayed, kupereka mnzako kwa adani.

"Wamugulitsa!" ndinalengeza. "Wabwera, koma wamugulitsa mtsikana uja!"

Kunali phokoso. "Bamuna ni bamozi-mozi!" anakuwa mayi wa vitumbuwa. Wina anati ankadziwa kale, munthu wokhala pamadzi sangakhale ndi mtima umodzi. Bambo wina anayesa kumuikira kumbuyo mnyamatayo, azimayi n'kumukhazika chete. Lole ya ufa inafika mkangano udakali m'kati.

Lolemba aphunzitsi anafunsa gulu lililonse zimene linawerenga. Ndinaimirira monyadira n'kufotokoza za kugulitsidwa kwa mtsikana. Anandiyang'ana, kenako anaseka mpaka kutsamira bolodi, choko n'kuwadetsa diresi. Atapuma analemba mawu awiri aja moyandikana, ndipo pansi pa betrothed analemba troth, kaliwu kakale kotanthauza lonjezo, kamene kanabisala m'kati mwake.

"Mawu ali ndi abale awo monga anthu," anatero. "Koma si onse ofanana nkhope amene ali pachibale. Mtsikanayu sanamugulitse. Anamutomera."

Kalasi inaseka, koma ine manyazi sanandigwire n'komwe. Ndinangomva chimwemwe. Mtsikana uja anali pabwino! Ndiponso ndinali nditaona kuti liwu ungalitsegule ngati mtedza n'kupeza kanthu m'kati. Masana onsewo ndinkayang'ana mawu a pabolodi ndikufuna kuwaswa onse.

Belu litangolira ndinathamangira kumsika, yunifomu ili m'thupi, mpaka ndinawapeza mayi aja akukazinga.

"Ba mai! Sanamugulise! Anamutomela, bazakwatilana!"

Anasiya chipande m'mafuta n'kululutira. Anaitana mnzawo wa tomato ndi wina wa makala amene analipo pamzere paja, ndipo ndinabwereza zonse ndikupumira m'mwamba. Anandipatsa chitumbuwa chotentha chimene ndinachisinthasintha m'manja.

"Manje lobola anapeleka?" anafunsa wa tomato.

Masamba aja ndinali nditawapereka kale ku gulu lina, koma ndinkawakumbukira bwino. Ndinawauza kuti bukulo silinatchule za malowolo paliponse.

Azimayiwo anayang'anizana. Wa vitumbuwa anapukusa mutu, akuvuula vitumbuwa vimene vinayamba kupserera.

"Ndiye kuti akalibe kukwatila uyo," anatero. "Ukabauze ba ticha bako."