Sari Yonyowa Padenga la Kalawati

Mlamu wanga Kalawati sakhulupirira chinthu chaulere. Amuna athu ndi apachibale, ndipo takhala bwalo limodzi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, koma sindinamuonepo akulandira kanthu osayamba wakatembenuza kuti aone kunsi kwake. Mapiritsi a kuchipatala amawanunkhiza. Chaka china anabweza mbewu ya mpiru yomwe alangizi ankagawa, ati inali yoyera mokayikitsa. Enafe tinadzala, tinakolola, iye n'kumangoti tidikire tidzaona.

Anakwatiwa kwathu kuno ali mtsikana, mwamuna wake Bindeshwar atangoyamba ntchito pa uvuni wa njerwa wa kuseri kwa minda ya tirigu. Bindeshwar ndi wosonkha moto. Ankayenda pamwamba pa uvuni atavala nsapato zamatabwa, akuthira malasha m'timabowo. Ntchito yowawa, koma inali ndi ubwino umodzi: bambo ankagona pakhomo, pomwe amuna ambiri a kuno ku Bihar, wanga yemwe, amakhala kutali ku Punjab pa maganyu miyezi isanu ndi iwiri pachaka. Kalawati ankanyadira zimenezi, ndipo ankandikumbutsa pafupipafupi mpaka ndinkatopa nazo.

Ndiye kunabwera Anwesha, mayi wa ku yunivesite ya mumzinda, wamagalasi, waulemu kwambiri. Ankafuna denga lalitali loyang'ana ku uvuni, ndipo la Kalawati ndi lomwe linayenera. Anabwera ndi kabokosi koyera kofanana ndi koikamo chakudya cha kuntchito, mkati mwake muli kafani kokoka mpweya. Anafotokoza bwinobwino, ine ndili pomwepo. Anati kabokosiko kamayeza utsi, ndipo mabokosi otere anali m'midzi makumi anayi. Anati iye ntchito yake ndi kuwerengetsa kuti utsi umawonongetsa anthu zingati, pa matenda a chifuwa, masiku ojomba kuntchito ndi zokolola, kuti boma lidziwe choti lichite ndi mauvuni.

Pa mawu onsewo Kalawati anatolapo awiri okha, boma ndi uvuni. Atamva kuti azimupatsa marupi mazana atatu pamwezi a magetsi, m'pamene anatsimikiza kuti pali chinyengo, chifukwa iye sanamvepo za munthu wolipira kuti anunkhize mpweya wa eni ake. Sanakane komabe. Anati akakana, kabokosiko kakaikidwa kwa ena komwe iye sangakayang'anire.

Patatha masiku atatu ndinakwera padenga kukayanika tsabola, ndipo ndinapeza kabokosi katakulungidwa ndi sari yakale, nsalu yaitali yomwe amayi timavala kuno, yopindidwa kanayi, madzi ali chuchuchu.

"Mlamu, mwakafunditsa kakumva kuzizira?"

"Ndikukasefera," anatero. "Mkaka timasefa. Kakufuna kununkhiza, kanunkhize zosefa."

Ndinamuuza kuti akuwononga ntchito ya munthu. Anandidula pakamwa, nati ine ndingalankhule zimenezo chifukwa mwamuna wanga anapita kale ku Punjab, ndilibe chotaya. Zinandiwawa, ndipo ndinatsika padengapo. Koma ndisaname, mumtima nanenso ndinkakaopa kabokosiko. Tinali titamva kuti kwina anatseka mauvuni chifukwa cha utsi, ndipo palibe yemwe anafunsa osonkha moto kuti adzadya chiyani.

Miyezi isanu ndi umodzi yathunthu, nyengo yonse yowotcha njerwa, Kalawati sanadumphe tsiku. M'mawa ankanyowetsa sari, masana n'kubwerezanso, ndipo pa Sabata ankaichapa, madzi ake akuda bii ndi mwaye. Anwesha, ndi ulemu wake uja, ankaimba foni asanabwere, kotero ankapeza kabokosi kali mbee, kopukutidwa, tiyi ali pamoto. Ulendo wina anadabwa kuti mpweya wa kwathu ukuoneka woyera chonchi pomwe iye maso akumuyabwa. Anasintha kabokosi n'kuika kena. Katsopanoko kanagona mu sari tsiku lomwelo. Kenako Anwesha anadzipezera yekha chifukwa chake, kuti mwina mphepo ya kumtsinje ndi yomwe imakankhira utsi kwina. Anthu ophunzira sasowa chifukwa.

Chaka chotsatira nkhani inabwera kudzera mwa mwini uvuni. Boma linalamula kuti mauvuni onse amangidwenso mwa njira yatsopano yochepetsa utsi, ndipo wosatero alandidwa chiphaso. Linaperekanso thandizo lomangira, koma silikanakwanira onse, choncho linayambira madera omwe kafukufuku anaonetsa kuti anthu akuvutika kwambiri. Midzi yoyandikana nafe inalowa m'ndandanda. Wathu, mwa midzi makumi anayi ija, unali wachiwiri pa kuyera kwa mpweya. Mwini uvuni analibe mphamvu zomangira yekha, ndipo mvula itatha sanayatsenso moto.

Anwesha atabwera kudzatenga kabokosi kake anali wokhumudwa. Anati zimamupweteka, koma manambala ndi omwe analankhula, ndipo iye sakanalemba zomwe sanaziyeze. Kalawati anali atakhala pansi akukanda ufa wa roti, buledi wathu wopyapyala. Anafunsa osadzutsa mutu.

"Mayi, kakanapeza utsi wambiri, zikanatha bwanji?"

"Mukanakhala oyambirira kuthandizidwa, didi," anatero Anwesha, pomutchula mchemwali mwaulemu. "Uvuni ukanakhala ukuyaka."

"Simungakasiye chaka china?"

"Kayeze chiyani? Utsi unatha."

Kalawati anapitiriza kukanda ufa womwe unali utakandika kale.

Bindeshwar anauyamba ulendo wa ku Punjab patatha milungu itatu, ali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, kukafuna ntchito pakati pa anthu a msinkhu wa ana ake. Mpaka lero amatukwana kabokosi kabodza ka anthu a mumzinda, ndipo mudzi wonse umamuthandiza kutukwana. Kalawati amatukwana nawo, mokweza kuposa onse.

Odziwa za sari tilipo awiri basi. Ine sindinauze munthu, ngakhale mwamuna wanga, ndipo ndinamulumbirira Kalawati kuti sindidzaulula. Koma Kalawati ndi Kalawati. Masiku ano amandipatsa ndiwo zomwe sindinapemphe, amandiperekeza ku mpope, ndipo ndikaima ndi mayi wina panjira amatulukira kuti amve zomwe tikukamba. Zimandikwiyitsa, komanso ndimamumvera chisoni kwambiri, chifukwa waonda.

Dzulo Bindeshwar anaimba, ndipo atatha kulankhula ndi mkazi wake anati andipatse moni. Kalawati anandiika foni kukhutu osaichotsa m'dzanja lake. Ndinamuuza Bindeshwar kuti ana ali bwino, ng'ombe yabereka. Atadula, Kalawati anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Bwanji anafuna inuyo?"

"Moni chabe, mlamu."

"Kale sankakufunsani," anatero, n'kulowa m'nyumba ndi foni yake.