Kaliyala ya njinga ya bambo anga

Ndikukumbukira tsiku limene bambo anga anafika ndi njinga pakhomo pathu ku Machinjiri. Ndinali ndi zaka khumi. Inali njinga yakuda, yogula kwa munthu, chishalo chake chong'ambika mbali imodzi, koma kumbuyo inali ndi kaliyala yaikulu, yolimba, ya mtundu umene ogulitsa makala amaukonda. Mayi anaiyang'ana njingayo, n'kuyang'ana bambo, n'kufunsa kuti tikuyamba geni yanji. Bambo anati palibe geni. Anati amenewo ndi mankhwala.

Bambo anali telala. Ankasoka pakhonde la sitolo ina ku Limbe, ndipo moyo wawo wonse unali wokhala pansi: pampando wa makina, pampando wa minibasi, pabenchi ya kutchalitchi. Mutu utayamba kuwavuta, mapazi n'kumatupa, kuchipatala anawauza kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, BP imene masiku ano yalowa nyumba iliyonse. Anawapatsa mapiritsi, anawaletsa mchere wambiri, n'kuwauza kuti thupi lizituluka thukuta kawirikawiri, osati mwa apo ndi apo. Bambo anayesa kunena kuti mapazi awo amapalasa makina tsiku lonse, koma adokotala sanaseke. Anawauza mosabisa kuti akapanda kusintha, tsiku lina adzagwa. Mayi analipo pamene mawuwo ankanenedwa, ndipo anafika nawo kunyumba osachotserako kalikonse.

Vuto linali lakuti kwathu kuja munthu wamkulu sankakwera njinga popanda kopita. Njinga inali ya makala, ya kuchigayo, yonyamulira wodwala. Tsiku loyamba kutuluka okha, bambo anaimitsidwa pafupifupi pakhomo lililonse.

"Ulendo wa kuti, a telala?"

"Ndikungozungulira."

Anthu ankayang'ana kaliyala yopanda kanthu ija, n'kuyang'anana. Sabata isanathe, kumpopi kunamveka zoti a telala apeza kachibwenzi ku Chirimba. Ena ankati ayi, ndi mutu umene wayamba kusokonekera. Mayi anaziseka nkhanizo, koma kuseka kwake kunali kwa pakamwa pokha.

Ndiye bambo anapeza nzeru. Anapinda chitenje chakale cha mayi, anachimanga pakaliyala ndi mphira za chubu, n'kundiuza kuti ndikwere. Kuyambira tsiku limenelo ine ndinakhala katundu wawo. Munthu wonyamula mwana safunsidwa zambiri, anthu amangoganiza kuti akupita naye kwa azakhali ake.

Tinkatuluka Lamulungu lililonse tikabwera ku mapemphero, ndiponso pakati pa sabata bambo akaweruka dzuwa likadalipo. Njira inali imodzimodzi. Tinkadutsa pachigayo, pabwalo la mpira, n'kuyamba mtsetse wautali wa miyala umene unkandigwedeza mano. Ndinkagwira malaya awo m'chiuno, nkhope nditaiphatika kumsana kwawo, ndipo fungo limene ndimalimvabe mpaka lero ndi la thukuta losakanikirana ndi mafuta a makina osokera. Kumunsi kunali kamlatho, pambali pake mkuyu waukulu. Pamenepo bambo ankatsika, kupukuta nkhope, kumwa madzi a m'botolo, kuyang'ana phiri la Ndirande kwa kanthawi ngati akuliwerenga, basi n'kutembenuza njinga.

Kutembenukako kunkandipweteka mtima. Tikaima pamkuyu paja, phokoso la magalimoto a ku Kameza linkamveka bwinobwino, ndipo ine ndinali ndisanaione raundabauti imene anzanga ankaisimba kusukulu.

"Bambo, tingofikako. Mwatopa kodi?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Sindinatope."

"Nanga simukufuna?"

"Ndikufuna kwambiri. N'chifukwa chake tikubwerera." Anandiyang'ana ndikutupitsa masaya, n'kuseka. "Iwe Esinati, njira yonse tabwerayi yatinamiza, ndi mtsetse wokhawokha. Pobwerera ndi chikweza, iwenso uli kumbuyoku ngati thumba la mchenga. Ukafika kunyumba utatheratu, mawa njinga umaiona ngati mdani. Mtunda wabwino ndi umene ungaufunenso mawa."

Ndinaona ngati ndi ulesi wa akuluakulu wovekedwa mawu okoma. Komabe miyezi imeneyo inali yabwino m'nyumba mwathu. Nsapato za bambo zinayamba kulowa popanda nkhondo. Ankagona osabuula. M'mawa pometa ndevu ankaimba mluzu, ndipo mayi anasiya kuwayang'anitsitsa akamadzuka pampando.

Koma anthu amaona. Anazindikira kuti a telala, masiku akutiakuti, amalowera cha ku Kameza. Woyamba anali aNambewe, mayi wamasiye wa nyumba yoyang'anana ndi yathu. Anatiimitsa titangotuluka, ali ndi kaphukusi ka ufa m'manja.

"A telala, si mukulowera komweko? Mwana wanga ali pa Kameza pomwepa, wangobereka kumene. Esinati angofukata, sikolemera."

Bambo akanakana bwanji? ANambewe ndi amene anagona pakhomo pathu masiku onse a maliro a mng'ono wanga, akuphika ndi kutunga madzi. Tinadutsa mkuyu uja osaima. Raundabauti ndinaiona, sinali yodabwitsa monga ndinkaganizira, ndipo pobwerera bambo anakankha njinga chikweza chonse chomaliza, ine ndikuyenda pambali.

Kuchoka pamenepo khomo linatseguka. Che Amidu, mmisiri wokhoma ndowa ndi mbaula, anali ndi ndowa ziwiri zoti zifike kwa achimwene awo ku Chirimba, ndipo zinalira njira yonse zitamangidwa pamahandulo. A Makwinja, mkulu wa mpingo wathu, anali ndi uthenga wa kwa Mkhristu wina wa njira ya ku Chileka. Nthawi imeneyo mafoni anali a anthu owerengeka, choncho munthu wa njinga wopanda kopita anali ngati mvula yogwa m'chilimwe. Palibe amene ankaona kuti akulakwa. Aliyense ankapempha kamodzi, mwaulemu, ndi kanthu kakang'ono. Amene aja ankati bambo apenga anayamba kunena kuti a telala ndi munthu wa anthu, njinga yawo ndi ya tonse. Kunena zoona, bambo kutamidwako kunkawakomera.

Mkuyu uja tinayamba kuudutsa ngati mtengo wamba. Mluzu wa m'mawa unachepa. Tsiku lina titafika bambo akupuma mwabefu, mayi analankhula ali chiimire pakhomo.

"Bambo a Esinati, chotsani kaliyalayo. Sipanala kwa Che Amidu ilipo. Njinga yopanda kaliyala palibe angaitume."

Bambo anayamba kumasula zingwe za nsapato. Kenako anayang'ana kumene ndinali ine.

"Nanga Esinati akhala pati?"

Mayi anatembenuka n'kulowa m'nyumba. Ine ndinakondwa kwambiri, ndipo kaliyala inakhala.

Mapeto ake anabwera m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. A Makwinja ankakonzekera chinkhoswe cha mwana wawo, ndipo apongozi awo ku Lunzu anali atawasungira thumba la chimanga. A Makwinjawo anatipeza Lamulungu masana, ine nditakhala kale pakaliyala.

"A telala, ndabwera ndi pempho. Thumba limodzi lokha. Inu njinga yanu imangoyenda yopanda ntchito, lero igwireko ya Mulungu."

Ndinamva msana wa bambo ukuuma pansi pa manja anga. Ndinadikira kuti anene zija anandiuza ine pamkuyu, za mtsetse wonamiza ndi chikweza cha pobwerera. Ku Lunzu n'kutali, ndipo aliyense wodziwa msewu umenewo akudziwa kuti popita umatsika, pobwera umakwera. Koma kwa mkulu wa mpingo anangoti, "Chabwino, abambo, palibe vuto." Ananditsitsa, anamasula chitenje chija n'kundipatsira m'manja, mphira zokha n'kuzisiya. Ndinaima pamsewu ndi chitenjecho mpaka anakhota pachigayo.

Bambo anabwera dzuwa likulowa, akukankha njinga. Thumba linali litapendekera mbali imodzi, ndipo iwo analitsamira ndi phewa kuti lisagwe. Milomo inali itayera, malaya atauma mchere kumsana. Anakhala pakhonde, ndipo kapu ya madzi anachita kuwagwirira mayi. A Makwinja anabwera ndi wilibala, anathokoza ndi mtima wonse, anati Mulungu awadalitse a telala, n'kunyamula chimanga chawo. Bambo anagona masiku angapo osapita ku Limbe.

Lamulungu lotsatira ndinapinda chitenje changa n'kukadikira panja. Bambo anati lero ayi, miyendo. Linalo anati kukutentha. Kenako mvula inayamba, njira inadzaza matope, ndipo chifukwa chinapezeka chokha. Mvula itatha ndinaganiza kuti tiyambiranso, koma tsiku lina m'mawa ndinawapeza kuseri kwa nyumba atanyonyomala pambali pa njinga, akumasula kavavu ka tayala lakumbuyo. Mpweya unatuluka ndi kamluzu kakang'ono. Atandiona anangodzuka n'kupukuta manja pathalauza. Masana ake Che Amidu anabwera ndi mbaula yoti ipite ku Chirimba.

"Pepani Che Amidu, njinga yaphwa tayala."

"Ndibweretse pampu?"

"Ayi, ndi chubu chimene chatha."

Limenelo linakhala yankho la aliyense. Kukana munthu sankatha, koma njinga yakuphwa inkawakanira. Pofuna kuti bodzalo lisaululike, sakanathanso kuikwera, ngakhale kungofika pamkuyu. Patapita nthawi anaipachika kudenga la kachipinda kosungiramo makasu, ndipo akangaude anamangamo nyumba m'masipoko.

Ndili Fomu 2, uthenga unafika kusukulu kuti bambo agwa pamakina ku Limbe. Mbali imodzi ya thupi inafa, pakamwa panapindika. Anakhala zaka zingapo pampando wa pakhonde, mayi akuwasambitsa ndi kuwadyetsa, ine ndikusoka madiresi a ana pamakina awo kuti m'nyumba musagone njala. Anthu sanatitaye, zimenezo ndisaname. ANambewe ankabwera ndi phala. Che Amidu anakhoma chogwirira pakhoma kuti bambo aziimirira. A Makwinja ankapemphera mapemphero aatali, misozi ili m'maso. Onsewa ankawakonda bambo, ndipo palibe mmodzi yemwe amene anaganizapo za njinga imene inali lende kuseri kuja.

Sindinganene kuti njinga ikanawapulumutsa. Sindine dokotala, ndipo ndaona anthu othamanga m'mawa uliwonse akugwa chimodzimodzi. Chimene ndikudziwa n'chakuti panali miyezi imene nsapato zinkalowa ndipo munthu ankaimba mluzu, ndiponso kuti miyezi imeneyo inali ndi malire ake, pamkuyu. Ndikaganiza zimenezi sindikwiya. Ndimangotopa, kutopa kwa mumtima kumene tulo sitichotsa.

Tsopano ine ndakula, ndikukhala ku Chilomoni, ndipo tsiku lonse ndimakhala pampando m'kashopu kanga ka nsalu ku Zingwangwa. Chaka chatha namwino anandimanga kachingwe kaja pamkono, anayang'ana manambala, n'kundiuza mawu amene ndinayamba kuwamva ndili ndi zaka khumi. Ndinagula njinga. Ndisanafike nayo kunyumba, ndinapatukira kwa wokonza njinga wa pamsika n'kumuuza kuti achotse kaliyala.

"Mayi, njinga yopanda kaliyala ndi ya ntchito yanji?"

"Ilibe ntchito, achimwene. Ingochotsani."

Ndili ndi potembenukira panga, pa kagolosale kena kopaka utoto wobiriwira. Si patali, achinyamata a njinga zamagiya amandidutsa akuseka. Ndimafikapo miyendo ikufunabe, ndimamwa madzi, n'kubwerera. Anthu amalankhula, poti mayi wamkulu wopalasa njinga popanda kopita ndi nkhani yokoma kuposa ya a telala. Ena amayesabe kunditumiza tinthu, koma akayang'ana kumbuyo kwa chishalo amapeza tayala lokha.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti phunziro la bambo linali lija la pamkuyu, loti ubwerere ukadali kufuna. N'loona, ndipo ndimalitsata. Koma tsopano ndikuona kuti mtunda wawo ankaudziwa bwino kuposa adokotala. Chimene chinawakanika ndi kuutchinjiriza kwa anthu abwino, ndipo njira imodzi yokha imene mayi anawapezera anaikana chifukwa cha ine.

Tsiku loyamba kutulutsa njinga yanga, mwana wanga wotsiriza, Tadala, anaizungulira akuisisita. Anafika kumbuyo, anagwira pamene panali kaliyala, n'kundiyang'ana.

"Amayi, nanga ine ndikhala pati?"

Ndinayamba ndalowa m'nyumba ngati ndaiwala botolo la madzi, ngakhale linali m'manja mwanga. Nditatuluka ndinamuuza kuti pokhala palibe, andidikire pakhonde, ndibwera msanga. Analira, ndipo ndinamusiya akulira. Masiku ano salira, amangokhala pakhonde paja n'kumayang'ana kumsewu, ndipo ine ndimabweradi msanga.